Zikomo nonse amene munaimika chiboliboli chachitsulo chija

Chiboliboli chija chaima tsopano pabwalo, ndipo ife a gulu lokonza tikuthokoza aliyense amene anaikapo dzanja. Ambiri akufunsa kuti chikuimira chiyani. Sichifanizira munthu kapena nyama ayi. Ndi zitsulo za makona atatu, za makona anayi ndi zozungulira, zofiira, zachikasu ndi zabuluu, ndipo mukamachizungulira zimaphimbana n'kutsegukanso, mthunzi wake nawo n'kumasintha ndi dzuwa.

Abambo owotcherera, takunyadirani. Chitsulo cha mamilimita 3 chimapindika munthu akawotcherera mzere wautali ulendo umodzi, chifukwa pamene patenthapo pamakokana pozizira. Inu munayamba mwalumikiza ndi timadontho, kenako n'kumawotcherera pang'onopang'ono, uku pang'ono uko pang'ono, ndi ma rodi a 6013 a mamilimita 2.5. N'chifukwa chake mizere yonse yawongoka, ndipo pa ntchito yotere kona ikakhota diso limaona msanga. Zikomonso poboola timabowo kunsi kwa zigawo zotsekeka. Popanda timabowoti chinyezi chimasanduka madzi m'kati, dzimbiri n'kudya chitsulo kunja penti akadali wowala.

Inu opaka penti, ntchito yanu yaikulu inali isanafike burashi. Munapala m'mphepete monse ndi girayinda kuti musakhale mwakuthwa, poti penti amapyapyala pakuthwa ndipo dzimbiri limayambira pomwepo. Munapukuta mafuta ndi thina, munapaka red oxide (penti wapansi woletsa dzimbiri) kawiri, kenako penti wamitundu kawiri, m'mawa mame atauma koma chitsulo chisanatenthe. Pachitsulo chotentha penti amauma pamwamba pokha n'kutuluka matuza. Dziwani kuti wofiirayo ndiye adzayambe kusuluka, ndipo zimenezi sizidzakhala mlandu wanu: ngakhale Flamingo, chiboliboli chachikulu chachitsulo chofiira chimene anapanga Alexander Calder n'kuimikidwa mumzinda wa Chicago ku America mu 1974, amachipakanso penti pakapita zaka.

Amisiri a maziko, zikomo podikira masiku 28 kuti konkire ilimbe musanamange mabawuti. Zitsulo zafulati zimakola mphepo kwambiri, ndiye kulimba konse kuli pansipo. Amayi amene munkathirira konkireyo sabata yoyamba kuti isang'aluke, Mulungu akudalitseni.

Kwa obwera kudzaona, chonde ana asakwerepo. Chikada, chitsukeni ndi madzi, sopo ndi kansalu kofewa, osati mchenga kapena waya wokwechera mapoto. Mukaona pamene penti wakalika, tidziwitseni mvula isanayambe.