Mazenera awiri ndi chitseko ku Domwe

Lolemba ndinanyamuka pa njinga yamoto kuchoka ku Ulongwe kupita ku Domwe, bambo ena ake anandiimbira kuti akuba awathyolera kanyumba ka kudimba komwe amasungamo pampu, feteleza ndi mbewu ya mbatatesi. Analowera pazenera, lomwe linali la timatabwa ndi pulasitiki basi, n'kuba feteleza. Ndangofika iwo akuti "a mmisiri, tsekani mazenera onsewa ndi njerwa, ndatopa ine." Ndinakana. Mbatatesi yambewu imafuna mpweya ndi kuwala pang'ono kuti iphuke timaso tatifupi tolimba, mukaitsekera mumdima imatulutsa mphukira zazitali zoyera zongothothoka mukagwira, nayenso feteleza mukakhala chinyezi amagwirana ngati mwala. Tinakambirana mpaka masana ndipo anavomera kuti ndiike mabagala m'mazeneramo.

Lachiwiri ndi Lachitatu ndinali pa shopu kudula engo ayeni (chitsulo chopindika ngati L) ya mafelemu ndi zitsulo za 12mm, mipata ndinasiya 10cm yokha poti akubawa amakonda kutuma kamwana kuti kalowe kakatsegule. Magetsi anathima Lachitatu, tinamalizira pa jenereta ya mnzanga.

Lachinayi ndiye panali ntchito. Ambiri amangokhomera mabagala pa thabwa ndi misomali, munthu ali ndi chitsulo chimodzi amazula osatuluka ndi thukuta lomwe. Ine ndinaboola khoma, miyendo ya felemu kulowa 15cm mkati, simenti yokwanira osaumira, kenako waya wa sefa kuti makoswe asadutse koma mpweya uziyenda. Kunkazizira koopsa, June wa ku Angónia mukumudziwa, simenti imachedwa kugwira ndiye ndinawauza asagwedeze mpaka Lamlungu.

Chomwe chinandipweteka mtima ndi chitseko. Bambowa anagula loko wamkulu wodula zedi koma haspu yake, kachitsulo kokolekapo loko, inamangidwa ndi masikuluwu anayi oonekera kunja, ndinamasula iwo akuona loko ali chitsekere, anangogwira pakamwa. Lachisanu ndinaika mabawuti a mutu wozungulira manati ali mkati, mahinjesi ndinawotcherera kuti asazule pini, pampu nayo ndinaimangira tcheni pa chitsulo chokwirira pansi.

Anandipatsa theka pa M-Pesa, yotsalayo akuti akagulitsa mbatatesi. Ndinavomera, ndalama ya feteleza wobedwa uja anachita kukongola. Loweruka likubwerali ndibwererako kukapaka penti zitsulo zisachite dzimbiri, ndikaonanso malata a pakona amene akugwedera.