Mafunso a ola loyamba munthu akasowa

Munthu akasowa, ambiri amaganiza kuti ntchito yaikulu ndi kuyendayenda usiku ndi matochi, kumata zithunzi m'misewu ndi kufalitsa uthenga pa Facebook. Zonsezo zili ndi malo ake, koma ine ndimakhulupirira kuti kafukufuku amayenda bwino kapena kusokonekera pa kukambirana koyamba, pamene wachibale amene mtima wake uli m'mwamba wakhala moyang'anizana ndi wapolisi wogwira cholembera. Zimene zanenedwa pa mphindi zimenezo, pamodzi ndi zimene zabisidwa, ndizo zimachititsa kuti apolisi atumize anthu usiku womwewo kapena adikire kuti kuche.

Pali bodza limene lafala kwambiri, lakuti munthu ayenera kudikira maola 24 asanakanene kupolisi. Apolisi a ku Britain amanena poyera kuti lamulo lotero kulibe, ndipo ku United States lamulo la mu 1990 linaletsa apolisi kudikiritsa makolo amene abwera kudzanena za mwana wosowa, kenako mu 2003 lamulo lina linaonjezerapo achinyamata onse osakwana zaka 21. Chifukwa chake n'chosavuta kumvetsa. Makamera a CCTV amafufuta zithunzi zakale pakapita masiku ndi kujambulapo zatsopano, batire la foni limatha, mvula imafafaniza mapazi, ndipo mboni imene lero ikukumbukira mtundu wa malaya, mawa idzakhala ikukayikira. Komanso munthu woyenda pansi akawirikiza kawiri mtunda umene wayenda, dera lomuzungulira limene ofufuza ayenera kusakamo limakula kanayi.

Apolisi sangathamangire nkhani iliyonse ndi mphamvu zofanana, chifukwa anthu ambiri amene amanenedwa kuti asowa amabwerera kapena kupezeka ali bwino pasanapite masiku ambiri. N'chifukwa chake amaunika chiopsezo. Ku Britain amachigawa m'magulu monga chochepa, chapakati ndi chachikulu, ndipo chachikulu chimatanthauza kuti pali zifukwa zomveka zoopera kuti wosowayo, kapena anthu ena, akumana ndi choipa chachikulu posachedwa, kotero kuti wamkulu wa apolisi ayenera kudziwitsidwa ndipo kusaka kuyambe nthawi yomweyo. Maiko ena amagwiritsa ntchito mawu osiyana, koma mafunso ake amafanana. Kodi wosowayo ali ndi zaka zingati? Kodi ali ndi matenda ofuna mankhwala tsiku ndi tsiku, monga shuga kapena khunyu, ndipo mankhwalawo watenga? Kodi analankhulapo zodzipha? Kodi pali amene ankamuopseza, ngongole imene inkamusowetsa tulo, kapena mnzake watsopano amene anadziwana naye pa intaneti? Kodi kunja kukuzizira motani, ndipo anachoka atavala chiyani?

Pa mafunso onsewa, limene ndimaliona lolemera kuposa ena ndi lakuti, kodi zimene zachitikazi n'zachilendo kwa munthu ameneyu? Kugona kunja usiku umodzi sikungadabwitse kwa mnyamata amene amachezera kwa anzake kawirikawiri, koma mayi amene sanalepherepo kukatenga mwana wake kusukulu, akapanda kufika pa ola lake ndipo foni yake yazimitsidwa, maola awiri okha ndi nthawi yaitali. Wapolisi sangadziwe yekha zimenezi popeza wosowayo sakumudziwa. Amadalira kwathunthu anthu amene amakhala naye, ndipo nthawi zina chipinda chimayankha bwino kuposa anthuwo. Wofufuza waluso akalowa m'chipinda amayang'ana zimene zatsala ndi zimene palibe: chaja cha foni chikadali pakhoma, magalasi a maso ali pambali pa bedi, mapiritsi a m'mawa sanamwedwe, pamene chikwama ndi pasipoti zili m'malo mwake. Munthu amene wakonzekera ulendo satero. Koma chikapezeka kuti chikwama palibe, zovala zina zachotsedwa mwadongosolo ndipo ndalama zatapidwa kubanki dzulo lake, nkhani imakhala ina, ngakhale kuti sizitanthauza kuti munthuyo ali pabwino.

Chimene chimandipweteka mtima kwambiri pa nkhaniyi ndi manyazi a achibale. Wapolisi akafunsa kuti, "Bambo, kodi panali kusamvana kulikonse mwanayu asanachoke?" yankho lofulumira limakhala lakuti, "Ayi, pakhomo pathu palibe vuto." Komatu mwina usiku wathawo panali mkangano waukulu, mwina mtsikanayo ali ndi pakati, mwina mnyamatayo wayamba mankhwala osokoneza bongo, kapena mwamunayo anachotsedwa ntchito mwezi watha ndipo wakhala akunamizira kupita kuntchito m'mawa uliwonse. Achibale amabisa zimenezi pofuna kuteteza mbiri ya banja, ndipo ena amaopa kuti akaulula, apolisi amuona wosowayo ngati wodzifunira yekha mavuto. Mantha amenewa ndimawamvetsa, koma akuluakulu anati mbewa ya manyazi inafera kuuna. Mfundo imodzi yobisidwa ikhoza kutsitsa chiopsezo kuchoka pa chachikulu kufika pa chochepa, ndipo anthu amene akanatumizidwa kukayang'ana kumtsinje kapena pamlatho amakhala ali ku ntchito zina. Wofufuzanso ali ndi udindo pamenepa, wofunsa mafunso ovutawa mwaulemu, pamalo oduka mphepo, ndi kufotokoza chifukwa chimene akufunsira, kuti kholo lisamve ngati likuzengedwa mlandu.

N'zothandizanso kufunsa anthu a m'nyumba imodzi payekhapayekha. Mchemwali wake wa mtsikana wosowa akhoza kudziwa dzina la chibwenzi limene sangalitchule pamaso pa bambo ake, ndipo anzake a kusukulu kawirikawiri amadziwa zambiri kuposa makolo. Pofunsapo, wofufuza ayenera kusiyanitsa zimene munthu anaona ndi maso ake ndi zimene anangomva. Mawu akuti "anapita kumsika" angatanthauze kuti wina anamuona akulowa mumsika, kapena kuti iye anangonena kuti akupita kumeneko, kapenanso kuti munthu wachitatu ndiye ananena zimenezo. Akatswiri osaka anthu amasiyanitsa malo amene munthu anaonedwa komaliza ndi mboni yodalirika ndi malo amene umboni wina, monga galimoto yosiyidwa kapena nsapato yotayika, ukusonyeza kuti anafikako, pakuti kusaka konse kumayezedwa kuchokera pa malo amenewo. Poyambira pakalakwika, khama lonse la osaka limathera kolakwika.

Ichi ndicho chifukwa chake nyumba ya wosowayo imayenera kusechedwa poyamba, ndiponso mosamala, ngakhale eni nyumba atanena kuti ayang'ana kale paliponse. Ana aang'ono amapezeka atagona m'kabati kapena pansi pa bedi pamene anthu akuwasaka kutali. Palinso chifukwa china chowawa. Mu August 2012 ku London, mtsikana wa zaka 12 ananenedwa kuti wasowa atachoka kunyumba kwa agogo ake, ndipo anthu ambiri anamusaka kwa sabata yathunthu. Thupi lake linapezeka kudenga kwa nyumba yomweyo, imene apolisi anali ataisecha kale, ndipo apolisiwo anapepesa. Nkhani yakuti mtsikanayo anatuluka m'nyumbamo inachokera kwa mwamuna amene pambuyo pake anamangidwa chifukwa chomupha. Sindikunena kuti wachibale aliyense azikayikiridwa, koma kuti mawu a munthu mmodzi, kaya akhale achisoni motani, ayenera kutsimikizidwa ndi umboni wina.

Kudziwa mtundu wa munthu amene wasowa kumathandiza kudziwa koyang'ana. Mwana wa zaka ziwiri kapena zitatu sadziwa n'komwe kuti wasochera, sapita kutali, ndipo akatopa amalowa pamalo obisika n'kugona. Wokulirapo pang'ono akhoza kukhala chete pamene akumva dzina lake likuitanidwa, chifukwa choopa kukalipiridwa kapena chifukwa anaphunzitsidwa kusayankha anthu achilendo. Ana ambiri amene ali ndi autism, vuto la kakulidwe ka ubongo limene limakhudza kulankhulana ndi kucheza ndi ena, amakopeka ndi madzi, kotero maiwe, zitsime ndi mitsinje ziyenera kuonedwa msanga. Okalamba amene ali ndi matenda oiwalaiwala kawirikawiri amayenda molunjika mpaka atakodwa m'zitsamba kapena kugwera m'ngalande, safuula kupempha thandizo, ndipo nthawi zambiri amakhala akulondola malo a kale, monga nyumba imene anakuliramo kapena kumene ankagwira ntchito. Ku Britain kuli ndondomeko yotchedwa Herbert Protocol, imene inayambira ku Norfolk, ndipo dzina lake linachokera kwa msilikali wakale amene anamwalira atasochera akufunafuna nyumba ya ubwana wake. Osamalira wodwala amalemberatu fomu yokhala ndi chithunzi chaposachedwa, mankhwala ake ndi malo amene amawakumbukira, kuti tsiku la tsoka asadzavutike kukumbukira zinthu mutu utaima. Banja lililonse likhoza kuchita zimenezi papepala wamba.

Nawonso olandira madandaulo ali ndi msampha wawo, umene ndi kuweruza munthu potengera moyo wake. Mawu akuti "ameneyo amatero, abwera yekha" aphetsa anthu. Mwana amene wathawa kasanu amaoneka ngati wovuta chabe, pamene kuthawa mobwerezabwereza nthawi zambiri kumasonyeza kuti pali chimene akuthawa kunyumba kapena pali wamkulu wina amene akumunyengerera ndi kumudyera masuku pamutu. Ku Vancouver, m'dziko la Canada, amayi ambiri a m'dera losauka la Downtown Eastside anasowa kwa zaka zambiri Robert Pickton, mwamuna amene pambuyo pake anapezeka wolakwa pa kupha ena mwa iwo, asanamangidwe mu 2002. Ambiri mwa iwo ankachita uhule kapena kugwiritsa ntchito mankhwala osokoneza bongo, ambirinso anali a mitundu ya eni nthaka a dzikolo, ndipo apolisi ankaganiza kuti angosamukira kwina. Komatu amayiwa anali atasiya kuimbira foni ana ndi makolo awo, ndiponso atasiya kukatenga ndalama za chithandizo cha boma, zimene munthu wosauka sangazisiye dala. Bungwe lofufuza limene ankalitsogolera Wally Oppal linanena mu 2012 kuti apolisi analephera kwambiri ndipo tsankho linali m'gulu la zifukwa zake. Zimene zinachititsa kuti amayiwa anyalanyazidwe ndizo zomwe zinkawaika pa chiopsezo chachikulu.

Chiopsezo sichiunikidwa kamodzi n'kutseka faelo. Nkhani imene Lolemba inkaoneka yaing'ono imasintha Lachinayi ngati foni sinayatsidwebe, khadi la kubanki silinagwiritsidwe ntchito ndipo palibe mnzake amene wamva kalikonse. Uthenga wa pafoni wonena kuti "ndili bwino, musandifunefune" si umboni wokwanira, popeza aliyense wogwira foniyo angaulembe, ndipo achibale ndiwo angazindikire ngati kalembedwe kake n'kachilendo. Masiku akamapita, ofufuza amatenga mswachi kapena chipeso cha wosowayo kuti asunge DNA, amafunsa kuzipatala ndi kunyumba zachisoni, ndipo ngati akuganiza kuti wadutsa malire, Interpol, bungwe la mgwirizano wa apolisi a padziko lonse, ili ndi chidziwitso chachikasu cha anthu osowa, chakuda cha mitembo yosadziwika, komanso kuyambira mu 2021 nkhokwe ya I-Familia yofananitsa DNA ya achibale.

Kufalitsa chithunzi nakonso kumafuna kulingalira. Uthenga wa AMBER Alert, wochenjeza anthu onse za mwana wobedwa, umene unayamba mwana wa zaka 9, Amber Hagerman, atabedwa ndi kuphedwa ku Arlington, Texas, mu 1996, umatumizidwa pokhapokha apolisi atakhulupirira kuti mwana wabedwa, ali pangozi ndipo pali zizindikiro zokwanira zoti anthu amuzindikire. Kusamala kotere kuli ndi chifukwa, pakuti kulengeza kukhoza kuchititsa munthu wosweka mtima kubisala kwambiri, ndipo nthawi zina amene akulira pa intaneti kuti mkazi wake wasowa ndi mwamuna wankhanza amene mkaziyo wamuthawa. Ine sindigawa uthenga wotere ngati nambala imene yaikidwapo ndi ya munthu wamba m'malo mwa ya apolisi.

Munthu wamkulu amene mutu wake ukuyenda bwino ali ndi ufulu wochoka osauza aliyense. Apolisi akamupeza amafuna kumuona maso ndi maso ndi kutsimikiza kuti palibe amene akumukakamiza, ndipo akakana kuti achibale adziwe kumene ali, amangowauza kuti ali moyo ndipo ali bwino. Kwa mwana amene wabwerera, ku England malangizo amati apatsidwe mwayi wocheza ndi munthu wapadera, amene si womusamalira, pasanathe maola 72. Amamufunsa kumene anagona, amene anamupatsa chakudya kapena foni, ndi chimene chinamuchotsa pakhomo, ndipo mayankhowo amasungidwa kuti wapolisi amene adzalandire nkhani yake ulendo wina adzayambire pa maina ndi malo odziwika kale.