Mivi kuseri kwa kalendala

Ndikafuna kumvetsa chifukwa chake makala akukwera mtengo, ndimatenga kalendala yakale n'kujambula mivi kuseri kwake. Pakati ndimalemba "anthu". Kalembera wa 2018 anapeza kuti m'Malawi muno tinalipo 17.5 miliyoni, ndipo ambirife timaphikira nkhuni kapena makala.

Muvi woyamba umaloza mitengo yomwe ikutha m'mapiri. Mitengo ikatha, mvula imakokolola dothi n'kukalitaya mu Shire, matope n'kumadzaza ku Nkula ndi ku Tedzani komwe amapanga magetsi. Magetsi akathima, ngakhale wa m'tauni yemwe ali ndi hotipuleti amathamangira thumba la makala. Muvi uja wabwereranso kumitengo. Apa m'pamene ndimayamba ndaima kaye.

Palinso ndalama. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, feteleza anakwera. Mlimi wokolola zochepa atani? Ena amakawotcha makala kuti agule chimanga.

Anzanga amati ndikuchulutsa gaga m'diwa. Komatu namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a ku Kapichira mu Januwale 2022, magetsi anavuta kwa miyezi yambiri, ndipo pa pepala langa muvi wochokera ku mvula unakathera pa mbaula za ku Ndirande.