Tsiku limene injini inatsika boti

Botilo ndinaligula litatha zaka lili pansi pa mtengo wa mango ku Monkey Bay, nkhuku zikuikiramo mazira. Mwini wake pondigulitsa analimenya khofi m'nthiti nkunena kuti, "Achimwene, ili ndi la faiba, ndipo faiba saola." Bambowo sananame ayi, poti faiba ndi pulasitiki wolimba wosakaniza ndi ulusi wa galasi.

Maloto anga anali oti ndizikayenda m'mbali mwa gombe mwachifatse, kuchoka ku Monkey Bay kukafika ku Cape Maclear, kenako Senga Bay, Nkhotakota, mwinanso tsiku lina Nkhata Bay. Mayi a kunyumba atamva kuti ndalama za malata zapita ku boti, anangoti kukamwa yasa. Ndinawakumbutsa kuti sitima ya Ilala inayamba kuyenda panyanjayi mu 1951 koma mpaka pano ikunyamulabe anthu, ndipo sitima ya Chauncy Maples ya mu 1901 ikadali padoko. Ndiye kaboti kanga kanalakwa chiyani?

"Chauncy Maples yanuyo munaionapo ikuyenda?" anandifunsa.

Ndinasintha nkhani.

Ntchito yokonza inayamba ndi kupala. Amene sanapalepo faiba ndi sandipepa asamanene kuti chitedze chimayabwa. Fumbi lake limalowa m'khungu, ukasamba ndiye ngati waliputa dala, usiku wonse kumangodzikanda mpaka ana kuyamba kufunsana ngati bambo awo ali ndi mphere. Potseka ming'alu pamafunika kusakaniza resin, guluu womatira faiba, ndi timadontho tochepa ta mankhwala oumitsa. Ine poona kuti timadonthoto tachepa, ndinathira mowolowa manja. Chitini chinatentha mpaka kufuka utsi, nkuuma gwa, bulashi ili chiimire m'katimo. Ilipobe mpaka lero. Koma penti itapakidwa, yoyera pamwamba, yabuluu pansi, boti linawala. Kutsogolo ndinalembetsa dzina la mayi a kunyumba, ndipo nkhani ya malata inayamba yazizira.

Pagombepo pali mdala wina wokhoma maboti a matabwa. Tsiku lina anabwera osaitanidwa, nkuyamba kugogoda boti langa ndi chigwiriro cha sikuludiraiva. M'mbali linkalira ngo! ngo! Atafika kumbuyo komwe kumakhala injini, linangoti phu, phu.

"Bwana, kuno kwatha. M'kati mwa faibayu muli thabwa, ndipo lamwa mvula zaka zonsezi. Tiboole, tichotse, tiike lina."

Anatchula mtengo. Alamu anga, omwe anadzisankha okha kukhala mlangizi wanga ngakhale madzi amawadziwa a m'bafa basi, anandikokera pambali. "Alamu, awa akungofuna ganyu. Boti lokongola chonchi lingaole?"

Alamu omwewo ndi amene anasankha injini. Yakale inali ya mahosipawa 15, yosafika makilo 40, koma inali itauma moti chingwe chake sichinkakokeka. Ine ndinkafuna ina yofanana nayo. Iwo anati munthu wa ulemu wake sangayendere 15. Tinakagula Yamaha Enduro ya 40 kwa msodzi wina wa chilimira, yogwirapo kale ntchito koma yamoyo, yolemera makilo oposa 70. Anyamata atainyamula nkuikoleka kumbuyo, mdala uja anangopukusa mutu, natenga chingwe cha nayiloni, kumanga injini, mbali inayo nkumangirira kumpando wapakati. Zinandinyansa. Injini yanga yodula kumangidwa ngati mbuzi ya pamsika? Ndinangozisiya poopa kuyankhana ndi munthu wamkulu.

Tinadikira kuti mwera uthe, chifukwa mphepo imeneyo ikamaomba m'miyezi yozizira ngakhale asodzi enieni amaiopa. Mu Okutobala nyanja inagona, ndipo tsiku linakwana. Apongozi anga aakazi anachita kuchokera kumudzi kudzaona zomwe zinadya malata a mwana wawo. Pofuna ulemu, tinawakhazika kutsogolo kwenikweni atayang'ana komwe tikupita, ine kumbuyo, kuti maso athu asamakumane. Pakati panali mayi a kunyumba ndi poto wa mpunga ndi nkhuku, pambali pawo alamu atavala magalasi akuda. Nkhafi ndinaisiya pagombe. Inali yakuda ndi yong'aluka, ndipo inkaononga maonekedwe.

Petulo ndinali nditasakaniza bwinobwino, oyilo theka la lita pa malita 25. Ndinapopa kampira ka paipi, kutsegula choko, nkukoka chingwe. Zii. Ndinakokanso, nkukokanso, thukuta kamukamu, anthu akuchulukana pagombe. Kenako kamnyamata kena kamene kankatsuka mbale m'madzi kanati, "Ankolo, simunalowetse kachingwe kofiirako."

Kachingwe kameneko kali ndi kapulasitiki kolowa pa switchi, ndipo mbali inayo umamanga padzanja. Kakachoka, moto supita kumapulagi. Nditakalowetsa, injini inalira kukoka kamodzi kokha. Pagombe anaombera m'manja kamnyamatako.

Koma abale, ulendo unayamba kukoma! Madzi ali mbee mpaka kuona miyala pansi, nkhwazi zikulira m'mitengo ya m'mapiri a Lake Malawi National Park, injini ikutulutsa kamadzi kake kumbuyo kusonyeza kuti ikuzizira bwino. Cholinga chinali kukadutsa pa Ilala Gap, kampata kopapatiza pakati pa chilumba cha Domwe ndi mtunda, nkukadyera nkhomaliro kwa Chembe. Mayi a kunyumba anafika mpaka pomwetulira.

Tikuyandikira mudzi wa asodzi wa Mvunguti, alamu anatembenuka. "Alamu, ndalama zonse zija munagulira liwiro limeneli? Tapotokolani anthu aone!"

Ndinapotokola mpaka kumapeto. Boti linadzutsa mutu, mphepo inaulutsa chipewa cha alamu, ndipo kwa kamphindi ndinali munthu wofunika kwambiri m'boma lonse la Mangochi. Kenako kumbuyo kunamveka kheche! Chigwiriro chinandipulumuka, kachingwe kofiira kanatsala padzanja, madzi anangoti phava! Basi, bata. Nditacheuka ndinapeza pomwe panali injini pali chibowo, paipi ya petulo ikulendewera, ine mkono ukadali m'mbuyo ngati ndikuyendetsabe.

Apongozi, ali chiyang'anire kutsogolo, anafunsa mofatsa, "Tafika?"

"Ayi amayi," anayankha mwana wawo. "Injini ndi imene yatsika."

Mafunde omwe tinawautsa tokha anatipeza nkuyamba kulowera pachibowopo. Chokapira madzi panalibe. Mayi a kunyumba anakhuthulira mpunga wonse m'nyanja nkuyamba kukapa ndi poto, ndipo mbuna za kumeneko sizidzaiwala tsiku limenelo. Alamu anali atakumbatira mpando akuitana Yesu, Mariya ndi mayina a azigogo awo osakaniza. Nkhafi, mukukumbuka, inali pagombe ikusunga maonekedwe.

Anatipeza ndi asodzi a m'mabwato awiri. Mmodzi ataona chingwe cha nayiloni chitakungika kulowa pansi pa madzi, anafunsa mwaulemu ndithu, "Abwana, mwakola kampango wamkulu bwanji?" Atagwira chingwe nkuyamba kukoka, panatulukira injini yanga, itakumbatirabe chibenthu cha boti chopentedwa bwino. Ndinapisa dzanja m'chibenthumo ndi kutapa zinthu zakuda zonyowa, zofumbutuka m'manja. Limenelo ndiye linali thabwa. Faiba wakunja anali bwinobwino, sanaole.

Anatikoka mpaka ku Monkey Bay, boti la mahosipawa 40 likutsogozedwa ndi mabwato a nkhafi, asodziwo akuimba. Aliyense wa pagombe amene anationa tikunyamuka anali akadali pomwepo, ndipo anali ataitana anzake.

Makaniki anati injini yomira siyenera kugona, apo ayi dzimbiri limayamba m'kati. Anachotsa mapulagi, kuipendeketsa, nkukoka chingwe madzi akutuluka tsaa! Anatsuka kabuleta, kuthira oyilo m'mabowo a mapulagi, ndipo dzuwa lisanalowe inalira. Anati mwayi wanga unali pawiri. Nyanja yathu ilibe mchere, pomwe ku Beira kapena ku Nacala zikanavuta kwambiri. Komanso kachingwe kofiira kanazimitsa injini isanamire, chifukwa ikamwa madzi ikulira imapinda zitsulo za m'kati.

M'mawa mwake ndinapita kwa mdala uja nditavula chipewa. "Madala, ntchito ija tiyambe. Mtengo ndi womwe uja?"

"Uja unali wa boti losathyoka, bwana."

Apongozi ananyamuka tsiku lomwelo. Pokwera minibasi anaitana mwana wawo, ine ndili chapatali, nkulankhula mokweza kuti uthenga undifike: "Uwauze bambo a kwanuwo kuti ndathokoza, nyanja ndaiona. Koma ulendo wina adzangondiitanira anyamata a pobwerera aja. Amayendetsa bwino, alibe phokoso."