Makapisozi awiri okha

Loweruka usiku. Milomo yaswekanso, ndapaka Vaseline mwina kasanu chidyereni nsima, koma chondisowetsa tulo si milomo ayi. Ndikungoona mng'ono wanga akutuluka pageti madzulo ano, poto pamutu, osacheuka.

Ndi mwana wa amayi aang'ono, ndinamubereka kumsana ndili mtsikana. Anakwatiwa mu Ogasiti. Lero anachoka ku Kawale kudzabwereka poto wamkulu wa zochitika za kutchalitchi kwawo, ndipo atangolowa anandigwira chibwano n'kunditembenuzira kuwindo. "Asisi, nkhopeyi mwaitani? Zija zapita kuti?" Ndinasangalala, ndisaname. Zaka khumi ndi zitatu anthu akuyang'ana ziphuphu zanga asanayang'ane ine, lero wina wafunsa kuti zapita kuti.

Ndiye ndinamuonetsa bokosi. Isotretinoin, amene ambiri amawadziwa ndi dzina loti Roaccutane. Ndinamufotokozera mmene adokotala a khungu anandifotokozera, kuti ndi mankhwala a mtundu wa vitamini A, amaphwetsa timatumba tomwe timatulutsa mafuta pakhungu, n'chifukwa chake chilichonse chimauma, milomo, maso, mpaka m'mphuno moti sabata yatha ndinatuluka kamfuno ndili m'minibasi. Ndinamuuza kuti ndimamwa pamodzi ndi chakudya chamafuta, peyala kapena buledi wa chiponde, poti pamimba popanda kanthu salowa bwino m'thupi. Iye amangogwedeza mutu, maso ali pabokosi. Nayenso nsagwada zonse zatupa, zija zopweteka zokhala m'kati, zosaphulika. Wayamba kale kukhala ndi zipsera zakuda.

"Ndigawireniko awiri okha, asisi. Ndiyesere."

Ndinamufunsa ngati mwezi uno wasamba. Anayang'ana pansi n'kunena kuti sanawerenge masiku. Ndinamufunsa ngati akulera. Anaseka, akuti alerenji pomwe apongozi ake akudikira mdzukulu.

Bokosi lija ndinalibweza m'kabati.

Ndinayesetsa kulankhula mofatsa. Ndinamuuza kuti ine ndisanalandire kapisozi ngakhale mmodzi anandiyeza ngati ndili ndi pathupi, anandisainitsa pepala, ndipo mwezi uliwonse amandiyezanso asanandilembere ena. Amandipatsa a masiku 30 basi. Ndikulera, ndipo ndidzapitiriza mpaka padutse mwezi wathunthu nditamaliza kumwa. Ngakhale magazi sindingapereke kwa wodwala mpaka mwezi umenewo utadutsa, kuopa kuti angalowe m'thupi la mayi woyembekezera. Mankhwalawa akakumana ndi mwana m'mimba amatha kuononga mtima, ubongo, makutu, nkhope, mwinanso mayi kupita padera, ndipo sizilira kuti umwe ambiri kapena nthawi yaitali. Kupatula apo pali chiwindi ndi mafuta a m'magazi, zomwe amandiyeza ndisanadye kanthu m'mawa. Pamenepo n'kuti iye wanena kale kuti akumwa doxycycline, mankhwala olimbana ndi mabakiteriya, wogula yekha, ndipo awiriwa saphatikizana, amatha kukweza mphamvu ya madzi a m'mutu mpaka maso kuvuta.

Anandimvetsera mpaka kumapeto. Kenako anati, "Inu mwachira, ndiye mwaiwala."

Mawu amenewo andikhala pachifuwa mpaka pano. Ndingaiwale bwanji? Zinandiyamba ndili Fomu 2. Pilo wanga ankadzuka ndi madontho a mafinya ndi magazi, ndinkamutembenuza anzanga a kuhositelo asanaone. Msana wonse unali zilonda, moti bulauzi ankamatirira. Ndinapaka mandimu, mankhwala otsukira mano, phulusa. Ndinasiya mtedza chaka chathunthu poti aliyense ankati ndi mtedza. Azimayi ena ankati ndi magazi oipa, ena ankati zidzatha ndikadzakwatiwa. Mafuta oyeretsa khungu a mumsika aja ndinapakanso, anandinamiza masabata awiri kenako ziphuphu zinabwera zochuluka kuposa kale, ndipo pambuyo pake m'pamene ndinamva kuti ambiri mwa iwo amakhala ndi mankhwala amphamvu otchedwa steroid. Pa chinkhoswe cha iyeyu ndinadzipereka kukhala kukhitchini tsiku lonse kuti ndisalowe m'zithunzi. Iye sakudziwa zimenezo, amaganiza kuti ndimangokonda kuphika.

Ndipo sindinachire ayi. Ndili mwezi wachitatu. Thupi langa ndi makilogalamu 60, adokotala anawerengera kuti zonse pamodzi zikwane mamiligalamu pafupifupi 120 pa kilogalamu iliyonse, kutanthauza 7,200, ndipo pa 40 patsiku ndi miyezi isanu ndi umodzi, kuposerapo pang'ono poti mwezi woyamba anandiyambitsa ndi ochepa. Masabata oyambirira nkhope inafika poipa kuposa mmene inalili, ndinalira m'bafa n'kumaganiza kuti ndalama zonsezi ndataya. Makapisozi awiri sakanamuchitira kalikonse pankhope. Choopsa chokhacho ndiye akanachitenga chonse. Izi ndinamuuza, koma n'kuti atayamba kale kumanga chitenje.

Dzuwa la Okutobala uno likundiwotcha ngati khungu langa ndi la khanda. Ndimayenda ndi chipewa ndi mafuta oteteza kudzuwa, mawondo amaphwanya m'mawa. Pena ndimangokhala chete osafuna munthu. Adokotala amandifunsa ulendo uliwonse za mmene ndikumvera mumtima, amati ndikaona kukhumudwa kosatha ndisadikire tsiku langa, ndiimbe foni. Usiku uno mtima ndi wolemera, ndipo ndalemba m'kope kuti Lachinayi ndikawauze. Koma kulemera kwa lero ndikukudziwa komwe kwachokera.

Chikundipweteka n'choti ndikumumvetsa. Kwathu kuno mankhwala timagawana. Wina akadwala mutu umatsegula chikwama n'kumupatsa panado, ndiye chibale chake. Kwa iye ndamumana chinthu chomwe chili m'kabati mwanga, pomwe iye alibe ndalama yokaonana ndi dokotala wa khungu, ndipo madokotala amenewo m'dziko muno ndi ochepa. Mwamuna wake amagwira maganyu. Ine ntchito ndili nayo. Mwina n'zimene anaona pomwe ndimatseka kabati.

Cha m'ma 8 koloko ndinamulembera pa WhatsApp. Ndinati Lachinayi tipitire limodzi, ya dokotala ndilipira ine, koma choyamba agule koyezera mimba kaja ku famase mawa, aone. Ndinawonjeza kuti alipo mankhwala ena opaka omwe adokotala angamusankhire ngati akufuna mwana chaka chino. Wawerenga, timizere tija tasanduka tabuluu. Sanayankhe.

Amayi aang'ono andiimbira kawiri, ndinali kubafa. Sindinabwezebe. Ngati wawauza kuti asisi ayamba kuumira, ndiyenera kuwafotokozera mayi anga aang'ono za kulera ndi za kusamba, pafoni, ndipo mawu ake sindinawapeze.

M'bokosi mwatsala makapisozi a masiku asanu. Ndawawerenga kawiri, onse alipo.