Pa lathe yambani ndi mpini, mbale idikire

Ambiri akangofika pa lathe, makina aja osemera mtengo ukuzungulira, mtima umathamangira mbale. Dekhani. Phunziro loyamba ndi mpini wa tchizulo: kamtengo ka masentimita 5 mbali zonse zinayi, kotalika masentimita 30. Zidutswa zotere kwa akalipentala a ku Ndirande zimathera pamoto, ndiye ngakhale muwononge khumi simulira.

Mango, malaina ndi jakaranda ndi mitengo yabwino kuphunzirira. Paini amanyotsoka chitsulo chikangobuntha pang'ono, bulugama amang'aluka pouma. Mlombwa ndi mbawa sungirani tsiku limene manja azolowera. Mkungudza wa ku Mulanje ndi wotetezedwa, usiyeni.

Kumapeto konse kuwiri jambulani mizere yochokera ngodya kupita ngodya. Pamene yakumana ndiye pakati. Chitsulo cha mano chimene chimagwira mtengo n'kuuzungulitsa pamakina chikhomereni pakatipo ndi nyundo yamtengo muli pabenchi, chifukwa kukhomera pamakina kumapha mabeyaling'i. Chotsamira chitsulo chitalikirane ndi ngodya za mtengo ndi mamilimita 3 mpaka 5, ndipo muzichisendeza pafupi mtengo ukamachepa, mutathimitsa makina. Musanayatse, zungulizani ndi dzanja muone ngati sukugunda. Yambani ndi liwiro lozungulira maulendo 800 mpaka 1000 pa mphindi. Ukabulungika mutha kufika 1500 kapena 2000.

Pamene pagona nkhani ndi apa. Chitsulo chilichonse chili ndi mbali yonoledwa, yotsetsereka, kumbuyo kwa msonga. Mbali imeneyi ndiyo iyenera kutsamira mtengo nthawi yonse. Gonekani chitsulo pachotsamira, mpini wake uli pansi cha m'chiuno. Mbali yonoledwa ikhudze mtengo osadula kanthu, mungomva kukhuza. Kenako kwezani mpini pang'onopang'ono mpaka msonga itayamba kudya, ndipo imani pomwepo. Mukakweza mopitirira, msonga imatsala yokha popanda chochirikiza, mtengo umaikoka, mumangomva kuti gwa! Poyang'ana, pambali pali chibala chozungulira ngati njoka. Woyamba amati makina ndi oipa, chonsecho ndi dzanja linakwera.

Dulani motsetsereka, kuchoka ponenepa kupita powonda. Mukakwera chitunda, chitsulo chimalowa pansi pa mitsempha ya mtengo n'kuizula. Ndipo musayendetse manja okha: zigongono zigwire nthiti, thupi lonse lisunthe.

Zimene zikugwa pansi zimakuuzani zoona. Zikamatuluka zopiringizika ngati tsitsi, mukudula. Ukamatuluka utuchi wokhawokha, chitsulo n'kumatentha, mukungopala, pitani kukanola. Kamtengo konenepa masentimita 10 pa liwiro la 1000 kamadutsitsa mamita oposa 300 pamsongapo mphindi iliyonse, n'chifukwa chake kunola kumabwera pafupipafupi. Ngodya yonolera roughing gouge, chitsulo chonga ngalande chobulungitsira mtengo, ikhale madigiri 40 mpaka 45.

Popalira sandipepa chotsani chotsamira chija, chimapana zala. Tsatirani manambala a sandipepa 80, 120, 180, 240, kuyambira wokhakhala mpaka wosalala, osalumpha, ndipo pomaliza thimitsani mupalire motsata mitsempha kuti mizere yozungulira ichoke.

Valani chophimba nkhope yonse, magalasi okha sateteza mano. Magolovesi ayi, malaya olendewera manja ayi, chitenje chimangidwe zolimba. Fumbi la mtengo limafuna chotseka mphuno. Magetsi akathima muli pantchito, thimitsani switchi pomwepo: makina ena amadzuka okha magetsi akabwera.

Tsiku la mbale likadzafika, roughing gouge ikhale kutali, chifukwa khosi lake n'lochepa ndipo limathyoka. Pamafunika bowl gouge, chitsulo cha khosi lolimba chosemera mbale. Mbale ya masentimita 25 isapitirire liwiro la 900. Ngati mtengo ndi wauwisi, chotsani mtima wake, siyani khoma lochindikala masentimita 2.5, pakani guluu wa matabwa kumene mitsempha yathera, muiike pamthunzi miyezi ingapo. Idzakhota ngati dzira, ndipo mudzaibwezera pamakina kuti muimalize.