Mbiri ya moyo wanga, gawo la 9: Buku lopanda chikuto

Ndikuthokoza nonse amene munandipepesa nditafotokoza za maliro a mayi anga m'gawo lapitali, makamaka inu amene munandiuza kuti nanunso munakulira m'manja mwa achibale. Ena mwakhala mukufunsa kuti zinatheka bwanji kuti mwana wa ku Ndirande, wokulira m'nyimbo za kwaya ndi za Alleluya Band, azikonda chonchi gulu loimba la ku England la The Beatles. Yankho lake lili m'miyezi yotsatira maliro aja, pamene ine ndi achimwene tinasamukira kwa amayi aakulu.

Achimwene ndiwo anabwera ndi buku lofotokoza mbiri ya The Beatles, ataligula kwa ogulitsa mabuku akale m'mbali mwa msewu ku Limbe. Linalibe chikuto, ndipo masamba omalizira anali atathothoka. Iwo ankangofuna zithunzi za anyamata anayi a ku Liverpool amene nyimbo zawo zinali pa kaseti yawo, koma ine ndinayamba kuliwerenga usiku pa koloboyi, dikishonale ili pambali, chifukwa tulo tinkandivuta.

Poyamba ndinkangodutsa m'mayina amene sankandikhudza. Kenaka ndinafika pa tsamba lofotokoza kuti John Lennon, mmodzi wa anyamata anayiwo, analeredwa ndi Mimi, mkulu wa mayi ake, ndiye kuti amayi ake aakulu monga mmene zinalili kwa ine. Mayi ake omubereka, Julia, anagundidwa ndi galimoto pa 15 July 1958, atangotuluka m'nyumba ya Mimi mu msewu wa Menlove Avenue, John ali ndi zaka 17. Ndinabwerera m'mbuyo n'kupezanso kuti Paul McCartney, mnzake wa m'gululo, anali atataya mayi ake, amene anali mzamba, mu October 1956 chifukwa cha khansa ya m'mawere, iye ali ndi zaka 14. Ndinawerenga ndime ziwirizo kangapo mpaka moto wa koloboyi unayamba kuchepa, ndipo ndinalira kwa nthawi yoyamba chiikire mayi m'manda. Pa maliro paja anthu ankandiuza kuti ndilimbe mtima poti ndine mwamuna, ndipo ndinamvera, ndinanyamula nkhuni, ndinathandiza adzukulu, osagwetsa msozi. Usiku umenewo panalibe wondiuza kuti ndilimbe, panali anyamata awiri okha akutali amene anakumana pa chisangalalo cha tchalitchi ku Woolton mu July 1957, ndipo patangopita chaka onse anali amasiye onga ine.

Amayi aakulu anandipeza ndikulira. Anayamba ndi kukalipa kuti, "Iwe, palafini ameneyu amagula ndani?" Ataona nkhope yanga anakhala pansi pa mkeka n'kufunsa chimene chinali m'bukumo, ndipo ndinawamasulira m'Chichewa mmene ndikanathera. Zithunzi za tsitsi lalitali sizinawasangalatse, pakuti iwo anakulira m'nthawi ya Kamuzu pamene mwamuna wa tsitsi lotero ankatha kumetedwa mokakamiza, koma za Mimi anafunsa kawiri konse kuti, "Nanga anamulera bwino mwanayo?" Ndinawayankha kuti, "Anali olusa ngati inu, amayi, koma sanamutaye." Sanandiyankhe kanthu, ndipo mawa lake ndinapeza botolo la palafini lili lodzaza.

Pano ndiyenera kuwongola nkhani imene malume anga akhala akuifalitsa m'banja mpaka lero, yakuti ndinalephera mayeso a JCE chifukwa chotanganidwa ndi mabuku a oimba. Iwo akudziwa bwino kuti ndinakhala pakhomo teremu yathunthu chifukwa ndalama za chipepeso zimene anasunga sizinafike ku fizi yanga. Bukulo ndilo linandisunga m'Chingerezi pamene anzanga anali m'kalasi. M'menemo ndinaphunzira kuti mu 1960 anyamatawo ankaimba maola ambirimbiri usiku uliwonse ku Hamburg m'dziko la Germany, n'kumagona m'kachipinda kuseri kwa nyumba yoonetsera kanema, kuti kampani yojambula nyimbo ya Decca inawakana mu 1962, ndiponso kuti pa 11 February 1963 anajambula nyimbo khumi za chimbale chawo choyamba tsiku limodzi lokha, wojambula nyimbo George Martin akuwatsogolera. Mwana wothamangitsidwa sukulu amagwira nkhani zoterezi ndi manja awiri.

Buku langa linkathera mu August 1966, pa konsati yawo yomaliza yolipiritsa ku San Francisco, choncho kwa zaka zambiri sindinkadziwa mmene anasiyanirana. Ndinabwereza kalasi, ndinakhoza, ndinayamba ntchito, ndinakwatira. Nditayamba kulandira malipiro ndinagula mabuku ena okhudza gululi, ndipo ndinakhumudwa kuona olemba ena akukankhira mlandu wonse wa kutha kwake mu 1970 kwa Yoko Ono, mkazi wa John Lennon. Kwa ine, chiyambi cha kugwa chinali imfa ya manijala wawo Brian Epstein mu August 1967, pakuti atachoka wosunga mtendere, mikangano ya ndalama inalowa pakati pawo, monga mmene inalowera kwathu mayi atamwalira.

Buku lopanda chikuto lija ndinkayesa kuti linatayika pamene tinkasamuka, koma amayi aakulu atatisiya tinalipeza m'sutikesi yawo, lokulungidwa m'chitenje pamodzi ndi buku lawo la nyimbo za Mulungu. Za ulendo wa achimwene wa ku Johannesburg, umene ambiri mukuufunsa, ndidzafotokoza sabata yamawa.